Tizilembo ta pa terminal tikuthawitsa akuluakulu

Malaputopu akale ena amapita kumudzi, ana atawaikamo Ubuntu, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, kuti makolo aphunzirepo. Zabwino ndithu. Chondikwiyitsa n'chakuti mwana amatsegulira bambo ake terminal, chiwindo chakuda chija cholembamo malamulo, n'kuwasiyira tizilembo tonga nyerere, amvekere "muzolowera." Sangazolowere! Munthu akadutsa zaka 40 maso amayamba kuvutika ndi zapafupi, ndipo kuwafinya tsiku lonse kumangobweretsa litsipa.

Pa terminal chilembo chimodzi ndi mlandu. Zikachepa, l wamng'ono, I wamkulu ndi nambala 1 zimaoneka chimodzimodzi, O ndi 0 nazonso. Kompyuta siyerekeza zomwe mumafuna kunena. Likakhala tsiku lamwayi imangoyankha kuti "command not found". Koma lamulo la rm limafufuta fayilo osaiponya mu Trash, malo omwe zofufutidwa zimakhala n'kutheka kuzibweza, ndiye mukaphonya dzina, kapena kampata kamodzi kakalowa pomwe simukukaona, chapita chapita.

Bambo wina, msungichuma wa kalabu ya alimi a soya, anathera madzulo onse akusaka fayilo ya ngongole za feteleza, makina akungoti kulibe. Atandiona anati, "Alangizi, izi n'za ana, ife nthawi yathu inatha." Mutu ukuwawa, magalasi ali pamphuno. Chonsecho fayilo inalipo, iwo ankawerenga 1 ngati l. Mdzukulu wawo, pofuna kuthandiza, anali atatsitsa resolution, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, ya sikirini yonse. Chizolowezi chimenechi chitheretu: zilembo zimakuladi koma zimachita mbuu, zinthu zina n'kusiya kukwana pa sikirini. Bamboyo anatsala pang'ono kubwerera ku kope ndi bolopeni.

Kukonza kwake n'kwa mphindi imodzi. Pa Ubuntu dinani Ctrl, Shift ndi + pamodzi mpaka aziwerenga atakhala tsonga. Ctrl ndi 0 imabweza mwakale. Zimenezi zimatha mukatseka windo, choncho lowani mu Preferences, pa profile chongani Custom font, muike 16 kapena 18. Mtundu wa zilembo wa DejaVu Sans Mono ndi wabwino chifukwa ziro wake ali ndi chizindikiro mkati. Windows Terminal imayambira pa 12, musinthe mu Settings pa Appearance. Pa Mac ndi Cmd ndi +. Saizi asankhe eni maso, osati inu.