Momwe mungaphunzirire mawu a Chingerezi onena za kayendedwe

Ana ambiri akamalemba kompozishoni, aliyense m'nkhani yawo amangoti "walked". Wakuba "walked", gogo "walked", woledzera nayenso "walked". Sikulakwa, koma wochonga amaona msanga kuti mwanayu mawu amuthera, ndipo tikudziwa tonse kuti ukalephera Chingerezi setifiketi ya MSCE suiona. Nayi njira yomwe ndimathandizira ana akwathu a Fomu 3 ndi 4.

Yambani ndi kupeza dikishonale yofotokoza Chingerezi m'Chingerezi, yokhala ndi ziganizo zachitsanzo. Oxford Advanced Learner's Dictionary, yomwe inayamba kutuluka mu 1948, ikwanira bwino. Ina ndi Longman Language Activator ya mu 1993, yomwe inaika pamodzi mawu oyandikana matanthauzo, moti mukatsegula pa "walk" mumapeza abale ake onse. Yatsopano ndi yodula, ndiye funsani yakale kwa amene anamaliza sukulu. Za m'mbali mwa msewu zotchipa modabwitsa zija muziyamba mwatsegula pakati musanapereke ndalama: zambiri ndi zafotokope, masamba ena mulibe, ena zilembo sizioneka. Ngati muli ndi foni, madikishonale a pa intaneti a Oxford ndi Cambridge ndi aulere, sadya bandulo kwambiri, komanso mumamva katchulidwe kake.

Lembani mawu awa, lililonse pa kapepala kake: stroll, wander, stride, strut, pace, trudge, shuffle, limp, stagger, stumble, creep, tiptoe, crawl. Musagule makadi, kalendala yakale kapena katoni ya sopo mukaidula ikwana.

Kenako muwagawe m'magulu, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani. Ulendo woyamba tinawagawa potengera liwiro, oyenda pang'onopang'ono mulu wawo, ofulumira mulu wawo. "Stroll", "trudge", "shuffle" ndi "creep" anagwera mulu umodzi. Sipanapite nthawi, mwana wa achemwali anga anabwera ndi kope lake, aphunzitsi atadula ndi bolopeni yofiira chiganizo chakuti "The mourners strolled to the graveyard." Mwanayo misozi ili lengelenge, akuti kodi opita kumanda sayenda pang'onopang'ono? Amayendadi choncho. Koma "stroll" ndi kuwongola miyendo mtima uli m'malo, wopanda chokuthamangitsa, mwina madzulo m'mbali mwa nyanja ukupitidwa mphepo. Chiganizo chija chinkanena kuti anamfedwa anali pa ulendo wokasangalala.

Choncho liwiro lisiyeni kaye. Pa kapepala kalikonse funsani kuti: munthuyu akuyenda chonchi chifukwa chiyani? Mayankho ake amagwa patatu.

Pali amene thupi lawavuta. "Limp" ndi kutsimphina, mwendo umodzi ukupweteka. "Stagger" ndi kudzandira kwa woledzera, wodwala, kapena wosenza thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo kumapitirira kwa kamtunda. "Stumble" ndi kupunthwa, phazi lagunda chitsa, wangotsala pang'ono kugwa, basi zatha. Awiriwa ana amawasokoneza kwambiri, muchedwepo. "Trudge" ndi kwa munthu wotopa amene phazi lililonse likumulemera, wochokera kumunda m'matope a mu Januwale khasu lili paphewa. Liwu limeneli ndi lomwe likanamveka pa maliro paja. "Shuffle" ndi kukhwekhwereza mapazi osawanyamula, kayendedwe ka gogo wovala masilipasi.

Pali amene kayendedwe kawo kakuonetsa za mumtima. "Stride" ndi ndawala ya munthu wodziwa komwe akupita, wotambasula miyendo. "Strut" ndi kunyang'wa, chifuwa patsogolo ngati tambala. "Wander" ndi kuyenda wopanda kolowera. "Pace" ndi kupita uku ndi uku pamalo amodzimodzi chifukwa cha nkhawa, bambo pakhonde la chipatala akudikira uthenga.

Otsalawo ndi a munthu wosafuna kumveka. "Creep" ndi kunyang'ama. "Tiptoe" ndi kupondera zala zakuphazi zokha. "Crawl" musamuike m'gulu ili ngakhale akuyamba mofanana ndi "creep": iye ndi kukwawa kwa khanda, manja ndi mawondo pansi.

Kuseli kwa kapepala lembani liwu la Chichewa, koma musalekere pomwepo. "Kuyendayenda" kumakwana pa "wander" ndi pa "pace" pomwe, ndiye mwana wodalira Chichewa chokha adzasinthanitsa. Pansi pake akopere chiganizo chimodzi cha m'dikishonale, china apange yekha chonena za munthu amene amamudziwa. Ine ndimakana mabuku aja ongondandalika mawu ofanana popanda chitsanzo, chifukwa amapatsa mwana maganizo akuti onsewo ndi amodzi.

Zikatero tulukani panja. Wina atole kapepala mobisa n'kuyenda momwe liwulo likunenera, anzake alote. Ana amaseka, koma wodzandira pabwalo saiwalanso "stagger".

Zotsala n'zachidule. Alowezeni kuti "creep" amakhala "crept" ndipo "stride" amakhala "strode". "Wander" asamulembe "wonder", ameneyo ndi wa kudabwa ndi kudzifunsa. Pomaliza atenge kompozishoni yake yakale, azungulize "walked" aliyense, asinthe okhawo amene chifukwa cha kayendedweko chikuoneka m'nkhanimo. Mwana wongopita kugolosale kukagula mchere amusiye pa "walked" pomwepo.