Momwe wophunzira wa digiri yoyamba angapezere mwayi woposa wa m'kalasi: malangizo kwa achinyamata a ku Salima ndi Nkhotakota

Mayunivesite ambiri a ku America ali ndi ndondomeko yapadera ya ophunzira a digiri yoyamba amene akukhoza bwino, yotchedwa honors program. Wophunzira akalowa m'ndondomekoyi amaphunzira m'magulu a anthu ochepa, amagwira ntchito ya kafukufuku pamodzi ndi mapulofesa, nthawi zina amathandizidwa ndi ndalama zoyendera, ndipo asanamalize sukulu amalemba kafukufuku wakewake. Kwathu kuno zinthu zimenezi zilipo ndithu m'mayunivesite a boma a UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuni ndi MUST, koma n'zomwazikana, ndipo palibe ofesi imodzi imene idzakuitaneni kuti mukazilandire. Wophunzira ayenera kuzitolera yekha. Ndikulembera makamaka achinyamata a ku Salima ndi Nkhotakota, chifukwa ambiri timatha tchuthi chonse tikungodikira kuti sukulu itsegulidwe, chonsecho maboma athu awiriwa ali ndi malo ochitirako kafukufuku amene anzathu a ku Blantyre ndi Zomba amawonongera ndalama zambiri kuti awafikire.

Choyamba ndi magiredi, ndipo apa sindichedwapo. Mphunzitsi aliyense amene mudzamupemphe mwayi adzayamba wayang'ana transcript yanu (chikalata cha magiredi anu onse), choncho chaka choyamba ndi chachiwiri musazitenge ngati zongozolowererapo malo. Phunziro la ziwerengero ndi la njira zochitira kafukufuku mulimvetsetse kwenikweni ngakhale litakhala lowawa, chifukwa ndi limene lidzakulowetseni m'mapulojekiti a aphunzitsi.

Chachiwiri, pezani mphunzitsi mmodzi wa m'dipatimenti yanu amene akuchita kafukufuku pa nkhani yokusangalatsani. Lembani dzina lake pa Google Scholar, werengani pepala limodzi kapena awiri mwa amene adalemba, kenaka mupite ku ofesi yake pa nthawi imene adaikira yokumana ndi ophunzira. Musapite ndi mawu akuti mukufuna thandizo, chifukwa mawu amenewo amawamva tsiku lililonse. Muwauze kuti mwawerenga zimene adapeza, muwafunse funso limodzi lochokera m'pepalalo, ndipo muwadziwitse kuti kwanu ndi kunyanja ndipo pa tchuthi mungathe kuwathandiza kusonkhanitsa uthenga kumeneko. Aphunzitsi amene ali ndi mapulojekiti amasowa kwambiri munthu wodziwa dera, woyankhula chiyankhulo cha pamalopo, komanso amene safuna ndalama zogonera chifukwa amagona kwa makolo ake. Ngati ndinu wa kumpoto kwa Nkhotakota ndipo mumamva Chitonga, kapena wa kunyanja ku Salima ndipo mumamva Chiyao, nenani zimenezo poyambirira. Ntchito yoyamba imene mudzapatsidwe ikhoza kukhala yolowetsa manambala mu kompyuta kapena yotsuka mabotolo mu labotale, ndipo mwina sikhala ya malipiro. Ilandireni ndi kuigwira mosamala, chifukwa kalata yokuchitirani umboni imene mudzafune m'chaka chachinayi idzachokera pamenepo.

Chachitatu, sankhani malo a atachimenti kapena a kafukufuku wanu kufupi ndi kwanu. Wophunzira zaulimi ali ndi malo a kafukufuku a boma ku Chitala komanso ku Lifuwu, kumene amayesa mitundu ya mpunga. Wa zausodzi ali ndi madoko a ku Senga Bay, dziwe la Chia ndi mtsinje wa Bua umene nsomba za mpasa zimakwera kukaswana. Wa zachilengedwe ndi zokopa alendo ali ndi malo osungira nyama zakutchire a Kuti ku Salima ndiponso nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira mu 2015 ndipo inalandira njovu pafupifupi 500 zochokera ku Liwonde ndi Majete m'zaka za 2016 ndi 2017. Wa uinjiniya aganizire za fakitale ya shuga ku Dwangwa kapena malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anatsegulidwa ku Salima mu 2021. Wa zaumoyo, zamaphunziro kapena zachitukuko ali ndi zipatala, masukulu ndi khonsolo. Kalata yopempha malo ichokere ku dipatimenti yanu, ikhale ndi chidindo, ndipo muipereke pamanja semesita isanathe, kenaka muziyimba foni mwaulemu kufunsa pamene yafika. Imelo yokha kawirikawiri siyankhidwa.

Tsopano ndafika pa gawo limene linandivuta ine, ndipo ndikupemphani kuti muliwerenge mofatsa: zilolezo ndi nyengo. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amafuna chilolezo cha komiti yoona kuti anthuwo sakuphwanyiridwa ufulu. M'dziko muno ntchito imeneyi imayang'aniridwa ndi National Commission for Science and Technology, ndipo pali makomiti monga NCRSH ya kafukufuku wa zachikhalidwe cha anthu, NHSRC ya zaumoyo, COMREC ku KUHeS, ndi makomiti ena a m'mayunivesite. Supavaiza wanu ndi amene angakuuzeni komiti yoyenera pulopozo yanu. Chilolezo chimenecho chikatuluka simunamalize. Mumatenga kalata ya ku sukulu kupita nayo ku ofesi ya bwanamkubwa, kuchokera kumeneko mumapita kwa mkulu wa nthambi yokhudzidwa, kaya ndi ya zausodzi, zaulimi kapena zaumoyo, ndipo iyeyo amakulozerani kwa mlangizi wa m'dera. Mlangiziyo ndi amene amakuperekezani kwa mfumu yaikulu, kwa agulupu ndi kwa anyakwawa, ndipo ngati ntchito yanu ili pa doko mumakaonekeranso kwa komiti ya pa dokopo, imene asodzi amaitcha BVC. Aliyense mwa anthu amenewa ali ndi ntchito zake, misonkhano yake ndi maliro a m'mudzi mwake, kotero sitepe imene pa pepala ikuoneka ya tsiku limodzi imatha kudya sabata yathunthu.

Ine kafukufuku wanga anali woyeza kuchuluka ndi kukula kwa utaka umene asodzi a ukonde wa chilimira amagwira pa chilumba cha Mbenji. Pulopozo inavomerezedwa, sikelo ndi thabwa loyezera nsomba ndinabwereka ku dipatimenti, koma kalata imodzi inakhalitsa pa ofesi ina podikira siginecha ya munthu amene anali atachokapo. Pamene makalata onse amakwanira, Disembala anali atafika. Aliyense wa ku Salima akudziwa kuti pa Mbenji, pansi pa ulamuliro wa mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala ndipo umatsegulidwa mu Epulo, ndipo lamulo limeneli limatsatidwa kwenikweni, palibe kunyengerera. Asodzi anali atachoka pachilumbapo, nsomba zoti ndiyeze panalibe, ndipo tchuthi changa chikanatha nyanja isanatsegulidwe. Ndinabwerera kwa supavaiza, tinasintha mutu kuti ndifunse amayi oyanika ndi kugulitsa nsomba kumtunda za momwe amapezera ndalama m'miyezi yotseka, ndipo kusinthako kunafuna kuti mafunso atsopano akaonedwenso ndi komiti. Ntchitoyo inatheka, koma inatuluka yaing'ono kuposa imene ndinakonza.

Choncho musanalembe pulopozo, tengani kalendala ya sukulu ndi kuiyika pambali pa kalendala ya kumudzi. Funsani ku ofesi ya zausodzi masiku otsekera nyanja a chaka chimenecho, chifukwa amasiyana malinga ndi dera komanso mtundu wa ukonde. Kumbukirani kuti mphepo ya mwera imawomba kwambiri kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti ndipo masiku ena mabwato satuluka n'komwe. Usipa amaugwira usiku ndi nyali, ndiye mwezi ukamawala kwambiri pa thandala pamakhala nsomba zochepa, ndipo mukayeza sabata imeneyo yokha ziwerengero zanu zidzanama. Wa zaulimi adziwe kuti mlimi wa mpunga simungamukhazike pansi ola lathunthu m'nyengo yowokera kapena yokolola, ndiponso kuti misewu yafumbi ya m'madambo imavuta m'dzinja. Wophunzira wamkazi adziwiretu kuti malamulo a pa Mbenji salola amayi kufika pachilumbapo, kotero akonze zogwirira ntchito yake pa madoko a kumtunda. Makalata muyambe kuwayendetsa semesita yathunthu nthawi yanu isanakwane, muwajambule pa foni, musindikize makope angapo, ndipo kalata yeniyeni ya chidindo musaisiye pa ofesi iliyonse. Popita kwa mfumu valani mwaulemu, mufike pa nthawi imene mlangizi wakuuzani, ndipo mufunse mlangiziyo mwambo wa kumaloko musanafike. Pa doko muyankhule ndi eni maukonde komanso alovi, chifukwa mwini ukonde amadziwa za ndalama pamene amene amalowa m'madzi ndi amene amadziwa kumene nsomba zagwidwa.

Pa nkhani ya ndalama, bajeti yanu muilembe m'mwezi womwewo umene mukunyamuka. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera nthawi imeneyo mtengo wa kabaza, wa minibasi ya pa msewu wa M5 ndi wosindikizira mapepala sukhazikika. Njira yachidule imene ndimalimbikitsa ndi kuika mafunso anu pa KoboToolbox, pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito pa foni ngakhale pamalo popanda netiweki, m'malo mosindikiza mapepala mazanamazana amene amanyowa pa doko. Mabuku ndi mapepala amene mwawerenga muziwasunga mu Zotero, imenenso ndi yaulere. Mapepala a kafukufuku muziwakopera muli pa sukulu, chifukwa malaibulale a mayunivesite amapeza magazini ambiri a sayansi kudzera mu MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno, pamene kunyumba bandulo yanu idzatha musanapeze chimene mukufuna.

Ndichenjezenso za anthu ena amene amazungulira ophunzira a chaka chomaliza. Alipo amene amalengeza m'magulu a WhatsApp kuti amalembera anthu kafukufuku pa mtengo wakutiwakuti, ndipo ena amagulitsa manambala opeka kuti musavutike kupita kumudzi. Amagulitsa ntchito yomweyo kwa anthu angapo, mayunivesite ali ndi mapulogalamu ozindikira zokopera, ndipo tsiku lodzateteza kafukufuku wanu pamaso pa aphunzitsi funso loyamba lokha lidzaonetsa kuti simunapondeko pamalopo. Alipo enanso odzitcha maejenti a sikolashipu amene amafuna kuti muwatumizire ndalama pa foni kuti akusungireni malo. Sikolashipu yoona mumalembetsa nokha pa tsamba la eni ake, ndipo palibe munthu wapakati amene angakugulireni malo.

Mukamaliza kulemba, musangopereka ntchitoyo ndi kuiwala. Bwererani kwa anthu amene anakuyankhani mafunso, kaya ndi komiti ya pa doko kapena kalabu ya alimi, mukawafotokozere zimene mwapeza m'Chichewa chomveka, ndipo musiye kope limodzi ku ofesi imene inakupatsani mlangizi. Pemphani supavaiza kuti akulembetseni pa msonkhano wa kafukufuku wa pa yunivesite yanu, ngakhale kutakhala kungopachika posita. Ngati ntchitoyo ndi yabwino, iye ndi amene asankhe magazini yoitumizako. Maimelo okuyamikirani amene amalonjeza kusindikiza pepala lanu m'masiku ochepa mukalipira madola muwafufute.

Zotsalazo ndizitchula mwachidule. Lowani m'kalabu imodzi ya dipatimenti yanu ndi kugwiramo ntchito yooneka, osati makalabu asanu ongolembetsa dzina. Thandizani ophunzira a chaka choyamba pa phunziro limene munakhoza bwino, ndipo pa tchuthi mukhoza kuphunzitsa modzipereka pa sekondale yoyendera ya kwanu ngati ahedi avomera. Zonsezi muzizilemba mu CV nthawi yomweyo, ndi miyezi yake komanso dzina la amene angakuchitireni umboni. A zaulimi azitsatira zolengeza za RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa maphunziro a zaulimi. Amene mukufuna digiri yachiwiri kunja muyambe kuwerenga zofunika za masikolashipu awa: Rhodes ya ku Oxford, Mandela Rhodes ya ku South Africa, Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndi Chevening ya ku Britain imene imafuna kuti mukhale mutagwirako ntchito zaka ziwiri. Pasipoti muikonze mukadali m'chaka chachitatu, ndipo ngongole ya fizi muilongosole msanga ndi ofesi ya zachuma, chifukwa transcript nthawi zambiri situluka ngati pa akaunti yanu pali ndalama yotsalira.