Timadontho toyera pa nsomba: kuthira mankhwala kamodzi sikuthandiza

Alimi anzanga a nsomba, funso loti timadontho toyera timene timatuluka pa nsomba nchiyani ndipo tingatithetse bwanji ndaliyankha kambirimbiri nde lero ndati ndingolemba bwinobwino. Umapita kudamu mmawa nkupeza nsomba zikudzikhula mmbali mwa damu kapena pamiyala ngati zikuyabwidwa, zina zangounjikana polowera madzi zikupuma mwabefu, chakudya olo uwaze sizikubwera. Ukagwira imodzi nkuyang'ana padzuwa, pazipsepse ndi pathupi pali timadontho ngati wina waiwaza mchere, ndipo ukatsegula makha, mopumira muja, namonso muli mbuu. Ambiri amati ndi mafangayi koma ayi ndithu, ndi kachilombo ka selo imodzi yokha kotchedwa Ichthyophthirius multifiliis, anthu amangofupikitsa kuti ich. Anakafotokoza koyamba ndi wasayansi wa ku France dzina lake Fouquet mu 1876.

Kachilomboka nka gulu la ma ciliate, tizamoyo tokhala ndi tiubweya tomwe timapalasira madzi. Ndisanapitirire ndinene kaye kuti si tonse toipa, chifukwa ndaonapo mlimi akufuna kupha chilichonse chili mmadzi atangomva kuti muli tizilombo. Dontho limodzi la madzi a mdamu mukaliika pa maikulosikopu mudzadabwa, muli Paramecium akuthamanga uku ndi uku, muli Vorticella wooneka ngati kabelu kokhala pa kachingwe kamene kamafupika mwadzidzidzi kakagwedezeka, ndipo onsewa ntchito yawo nkudya mabakiteriya, iwonso nkudyedwa ndi tinyama tina timene ana a nsomba amakulira. Ngakhale mchifu cha ng'ombe ndi mbuzi muli ma ciliate ambirimbiri othandiza kugaya udzu. Ndiye tisamalimbane ndi madzi onse, mdani wathu ndi mmodzi ndipo tiyenera kudziwa mayendedwe ake.

Kadontho koyera mukukaonako ndi kachilombo kamene kalowa pansi pa khungu la nsomba, kakudya nkumakula mpaka kufika milimita imodzi. Pamenepo kabisala, mankhwala amene mwathira mmadzi sakafika olo pang'ono. Kakakhuta kamaboola khungu nkugwera pansi, nkumata pamatope, paudzu kapena pa ukonde, kenako kamadzikuta ndi kachikopa nkuyamba kugawikana mkatimo, kamodzi kokha kamatha kutulutsa tiana mazanamazana. Tianato tikatuluka timasambira kusaka nsomba, ndipo tikapanda kuipeza patsiku limodzi kapena awiri timafa tokha. Apa mpamene pali mwayi wathu, chifukwa mankhwala amagwira bwino tiana tosambirati basi. Nchifukwa chake munthu amathira kamodzi, timadontho nkuoneka ngati tachepa iye nkumati zatheka, chonsecho tangogwera pansi kukaswana, pakapita masiku ochepa nsomba zonse mbuu kuposa poyamba.

Liwiro la zonsezi limadalira kutentha kwa madzi. Pa madigiri 25 ulendo wonse umatha pasanathe sabata, koma madzi akazizira kufika cha mma 10 umatha kupitirira mwezi, ndiye kukazizira musafulumire kusiya chithandizo.

Ngati nsomba zili mthanki kapena malo ang'ono oti mungathe kuyeza madzi ake, mchere wamba umathandiza, magalamu atatu pa lita iliyonse, muusungunule kaye mundowa ndipo muzithira pang'onopang'ono uku mukuyang'ana mmene nsomba zikuchitira, makamaka milamba ndi zina zopanda mamba poti khungu lawo silichedwa kumva. Mcherewo ukhalemo masiku osachepera khumi, ndipo mukasintha madzi muonjezere molingana ndi amene mwachotsa. Onetsetsaninso kuti mpweya ukulowa wokwanira, chifukwa nsomba zambiri zimafa kaamba koti makha aonongeka, zikulephera kupuma. Za mankhwala ngati formalin musachite nokha popanda mlangizi, amachepetsa mpweya mmadzi ndipo mukalakwitsa muyezo mupha nsomba zonse tsiku limodzi. Malachite green yekha ndikupempheni musamuyandikire pa nsomba zodya, maiko ambiri analetsa chifukwa amatsalira mu mnofu.

Koma kunena zoona mdamu lalikulu kuchiza nkovuta komanso kumadya ndalama, ine chimene ndimalimbikira nkuti matendawa asalowe nkomwe. Nthawi zambiri amabwera ndi mbewu yatsopano, ndikunena ana a nsomba ochokera kwina. Nsomba imatha kuoneka yabwinobwino kunja koma mmakha yanyamula tizilombo tiwiri titatu, ndiye mbewu ikafika musaitsanulire mdamu tsiku lomwelo, isungeni payokha milungu iwiri kapena itatu mukuiyang'anitsitsa, ndipo madzi amene yabwera nawo atayeni kutali. Ukonde, ndowa ndi mabeseni musamabwerekane kapena kuchoka nazo damu ili kupita linalo zili zonyowa, ziyanikeni padzuwa mpaka ziume gwaa. Mukakolola, phwetsani damu, liume mpaka pansi pang'ambike, thirani laimu, lidikire kaye milungu iwiri lopanda nsomba. Popanda nsomba kachilomboka kalibe pogwira.

Pali kenanso ka gulu lomweli kotchedwa Trichodina, kooneka ngati kambale kokhala ndi timano tozungulira, kamatsetsereka pakhungu ndi mmakha. Kakakhala kochepa sikavuta, koma mukadzaza nsomba mopitirira muyezo, chakudya nkumatsalira kuwolera pansi, manyowanso mwachulutsa, kamaswana kwambiri ndipo nsomba zimayamba kutuwa nkuchuluka zoterera pathupi, ana ang'ono nkumafa tsiku ndi tsiku. Kameneka sikalowa pansi pa khungu ndiye kuviika nsomba mmadzi a mchere kumakachotsa msanga, koma ngati madzi akadali onyansa kabweranso. Chepetsani nsomba, chepetsani chakudya kwa masiku angapo, lowetsani madzi atsopano, ndipo nsomba yakufa iliyonse muivuule mmawa womwewo nkuikwirira kutali ndi damu. Mukafuna kuti mlangizi akuyezereni, mupite nayo nsomba yodwala ikadali yamoyo mmadzi a mdamu momwemo, chifukwa ikafa tizilomboti timachokapo msanga ndipo pa maikulosikopu sipaonekanso kanthu.