Mmene Mungatetezere Chenji Chanu M'masitolo a ku Joni

Mmalawi amene wangotsika basi pa Park Station mumzinda wa Johannesburg amachenjezedwa zinthu zambiri ndi abale omulandira, monga apolisi ofunsa mapepala, achifwamba olanda mafoni, ndi mabwana ozengereza kulipira mwezi ukatha. Chimene abalewo amaiwala kumuuza n'chakuti ndalama zina za mlendo zimathera pa kauntala ya sitolo, pang'onopang'ono, m'chenji choperewera chimene iye amalandira, kuthokoza, n'kuponya m'thumba osawerenga. Ine zinandichitikira mwezi wanga woyamba. Ndinagula buledi, mazira ndi sopo za R46 (R akuimira randi, ndalama ya ku South Africa) m'kagolosale kena, ndinapereka R200, ndipo wogulitsa anandibwezera R54. Ndinazindikira ndili kale kunyumba kuti R100 yatsala m'kabati yake, ndipo nditabwerera anangondifunsa kuti umboni wanga uli kuti. Ndinalibe lisiti, ndinalibe mboni, ndiponso chinenero chokanganirana naye ndinalibe.

Ntchito yoyamba ndi kuidziwa ndalama ya eni dziko ngati mmene mumadziwira kwacha, ndipo zimenezi muzichita kunyumba, osati pamzere wa pa tilu pamene anthu khumi akukuyang'anani. Pemphani m'bale wanu ayale ndalama zonse patebulo tsiku limene mwafika. Zapepala zilipo zisanu, ndipo kuyambira mu 2012 zonse zili ndi nkhope ya Nelson Mandela kutsogolo, choncho nkhopeyo singakuthandizeni kusiyanitsa. Yang'anani mtundu ndi nyama ya kumbuyo. R10 ndi yobiriwira ndipo ili ndi chipembere, R20 ndi yabulawuni ya njovu, R50 ndi yofiira (yatsopano ya mu 2023 imapendekera ku mtundu wa pepo) ya mkango, R100 ndi yabuluu ya njati, ndipo R200 ndi ya mtundu wa lalanje, ya kambuku. Ziwiri zimene zimagwetsa anthu kawirikawiri ndi R20 ndi R200, chifukwa madzulo, m'kasitolo kamene babu lake ndi lofooka, pepala lakale labulawuni ndi lalalanje zimaoneka ngati pachibale.

Pa ndalama zachitsulo m'pamene ife ochokera kumudzi timalakwitsa kwambiri. Kwathu makobidi anasiya kale kugula kanthu, moti tinazolowera kuwanyoza, koma kuno R5 ndi yachitsulo, ndipo zinayi zokha zakwana kale R20. Pali 10c, 20c, 50c, R1, R2 ndi R5. Mu 2023 banki yaikulu ya dzikoli, South African Reserve Bank, inatulutsa makobidi atsopano amene akuyenda limodzi ndi akale, ndipo apa pali msampha weniweni: kagwape kotchedwa springbok kanali pa R1 yakale, koma tsopano kali pa R2, pamene R1 yatsopano ili ndi duwa la protea. Amene amazindikira kobidi poona nyama yokha adzasokonezeka, choncho werengani nambala. Onetsetsaninso kuti kobidilo ndi la South Africa. Ndalama za ku Lesotho, Eswatini ndi Namibia n'zofanana mphamvu ndi randi, koma si ndalama zovomerezeka kugulira zinthu kuno, ndipo zimalowerera m'chenji mosavuta, makamaka cha munthu amene wogulitsa waona kuti sayang'ana. Pepala lothimbirira ndi inki yofiirira kapena yobiriwira musalilandire ngakhale pang'ono, chifukwa kawirikawiri limakhala lochokera m'makina a ndalama amene anaphwanyidwa ndi akuba, ndipo sitolo ina idzalikana.

Kenaka phunzirani kumva mtengo. Ambiri amene amati anaberedwa, ukawafunsa bwino, umapeza kuti sanamve chimene wogulitsa ananena, ndipo anachita manyazi kufunsanso. M'Chingerezi cholankhulidwa mofulumira, 15 ndi 50 zimamveka mofanana, chimodzimodzi 13 ndi 30. Wogulitsa akati "one fifty" angatanthauze R1,50 kapena R150, malinga ndi katunduyo. M'malokeshoni muli mayina ena a ndalama amene simudzawapeza m'buku: "tiger" ndi R10, moti "five tiger" ndi R50, "klipa" ndi R100, ndipo "five bob" ndi 50c. Olankhula Chiafrikaans amayamba ndi nambala yomaliza potchula mtengo, kotero kuti 25 amaitchula ngati zisanu ndi makumi awiri. Mawu awiri a Chizulu adzakuthandizani tsiku lililonse: "malini?" pofunsa mtengo, ndi "ushintshi", limene ndi chenji chathu chomwechi. Ngati simunamve, pemphani kuti akulembereni pa kakyuleta kapena akuonetseni pa makina. Safunsa anadya phula, ndipo wogulitsa wachilungamo sakwiya ndi pempho lotere.

Musanafike pa kauntala, dziwani kale kuti katundu wanu akwana pafupifupi ndalama zingati. Foni iliyonse ili ndi kakyuleta, ndipo palibe choipa kuima pambali n'kuphatikiza mitengo. M'dzikoli mitengo imalembedwa ndi kampumiro, monga R12,99, ndipo msonkho wa VAT, umene uli pa 15 peresenti kuyambira mu 2018, umakhala utalowa kale mumtengo wa pa shelefu. Wina akakuuzani pa tilu kuti muonjezere ya msonkho, kanani. Dziwaninso zimene sizili kuba, kuti musanamizire munthu wosalakwa. Jumbo ya pulasitiki imagulitsidwa, ndipo imaoneka pa lisiti. Makobidi a 1c, 2c ndi 5c anasiya kupangidwa, choncho polipira ndi ndalama m'manja masitolo ambiri akuluakulu amatsitsa mtengo wonse kufika pa 10c yapafupi, ndipo masenti otsalawo simudzawaona.

Tsopano tifike pa mphindi yeniyeni imene ndalama imatayika. Popereka pepala lalikulu, litchuleni mokweza pang'ono kuti wogulitsa ndi amene ali kumbuyo kwanu amve: "two hundred". Zimaoneka ngati zachibwana, koma mawu awiriwa amatseka njira ya bodza lofala kwambiri, lakuti munapereka R100 kapena R20. Ena amaloweza manambala atatu omaliza a pepalalo asanapereke, kuti pakakhala mkangano athe kunena kuti m'kabatimo muli R200 yothera ndi manambala akutiakuti, ndipo imeneyi ndi nzeru yabwino kwa amene wangolandira malipiro a sabata m'mapepala akuluakulu. Maso anu atsatire pepalalo mpaka lilowe m'kabati. Nthawi imeneyo musayankhe foni, musayambe kulongedza katundu, ndipo wina akakufunsani funso lililonse, ngakhale lakuti mumachokera kuti, dikirani chenji chifike kaye.

Chenji chikafika, musachifumbate. Chiyaleni pa kauntala pomwepo, wogulitsa akuona, ndipo muwerenge mokwera kuchokera pa mtengo wa katundu kukafika pa ndalama imene munapereka, chifukwa kuphatikiza n'kosavuta kuposa kuchotsera pamene mtima ukuthamanga. Tiyerekeze kuti mwagula za R137,50 ndipo mwapereka R200. Kobidi la 50c likufikitsani pa R138, la R2 pa R140, pepala la R10 pa R150, ndipo la R50 pa R200. Ngati chimodzi mwa zinayizi palibe, mwachiona musanasunthe phazi. Chenjerani ndi wogulitsa amene amapereka makobidi choyamba, n'kuima kaye ngati wamaliza, akudikira kuti aone ngati muchoke mapepala asanatuluke. Chenjeraninso ndi mapepala opindidwa pamodzi, amene mumaona ngati atatu pamene ndi awiri. Mukangotuluka pakhomo, mlandu wanu wafooka, chifukwa palibe amene angatsimikize kuti ndalamayo simunaigwetse kapena kuibisa.

Ndikudziwa chifukwa chimene ambiri a ife timakhalira chete, ndipo sindikuchipeputsa. Munthu amene masiku ake pa pasipoti anatha amaopa phokoso lililonse limene lingabweretse wapolisi. Wina amaopa kuti akangotsegula pakamwa kalankhulidwe kake kamuulula, ndipo amva liwu lonyoza lija lakuti kwerekwere. Amene anaona chipwirikiti cha mu May 2008, chimene chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu oposa 60, kapena cha ku Durban mu 2015, pamene boma la Malawi linatumiza mabasi kudzatenga nzika zake, ali ndi chifukwa chomveka chosafunira mikangano. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Komabe kufunsa chenji chanu si mkuwe, ndipo wogulitsa wosakhulupirika amadalira mantha omwewo posankha woti amubere. Iye amayesa ndi R2 lero, ndipo akaona kuti simunawerenge, mawa amayesa ndi R10.

Kalankhulidwe n'kamene kamasiyanitsa kufunsa ndi kukangana. Musanene kuti wakuberani, chifukwa mawu amenewo amakakamiza munthu kudziteteza ngakhale atadziwa kuti walakwa, ndiponso nthawi zambiri kumakhala kulakwitsa chabe kwa munthu amene waima pa tilu kuyambira m'mawa. Tchulani manambala okha, modekha: ndapereka zakuti, katundu ndi wa zakuti, chenji chatsala chakuti. Kenaka khalani chete, ndalama zili pa kauntala, manja anu ali poonekera. Ambiri amabweza pomwepo n'kupepesa. Ngati wakana ndipo muli m'sitolo yaikulu, pemphani woyang'anira, amene angathe kutseka tiluyo n'kuwerenga ndalama zonse za m'kabati kuti aone ngati zapitirira zimene makina akunena, kapenanso kuyang'ana makamera. Mwina adzakuuzani kuti kuwerengako kumachitika madzulo. Zikatero, siyani dzina ndi nambala ya foni, lembani dzina la woyang'anirayo kumbuyo kwa lisiti, ndipo mubwerenso m'mawa mwake. Lisitilo ndiye mboni yanu, chifukwa limaonetsa tsiku, nthawi, nambala ya tilu, ndalama imene munapereka ndi chenji chimene munayenera kulandira, choncho musalisiye pa kauntala.

M'masitolo ang'onoang'ono a m'malokeshoni, otchedwa spaza, zinthu ndi zosiyana, popeza kawirikawiri mulibe lisiti kapena woyang'anira, ndipo mumagula kudzera pa kawindo ka zitsulo. Ambiri mwa ogulitsawo ndi alendo anzathu ochokera ku Somalia, Ethiopia, Bangladesh kapena Pakistan, amene nawonso akulimbana ndi chinenero, moti kusamvana kumachokera mbali zonse ziwiri. Kumeneko pitani ndi ndalama zing'onozing'ono, ndipo R200 muzikasinthira m'sitolo yaikulu. Funsani mtengo musanapereke ndalama, makamaka wa mayunitsi a foni, amene ambiri amaonjezerapo kangachepe. Akakupatsani switi kapena chingamu cha Chappies m'malo mwa 50c, muli ndi ufulu wokana n'kupempha kobidi lanu. Mukapeza wogulitsa mmodzi wokhulupirika, khalani kasitomala wake, muzimupatsa moni ndi kumudziwa dzina, chifukwa munthu wodziwika saberedwa chisawawa ngati wongodutsa. Koma ngati ndi usiku, muli nokha, ndipo mawu ayamba kukwera chifukwa cha R5, isiyeni ndalamayo, ndipo musadzagulenso pamenepo.

Mu takisi, imene kwathu timati minibasi, mulibe kondakitala. Ndalama zimasonkhanitsidwa mzere ndi mzere n'kumapatsirana mpaka kutsogolo, kumene wokhala pafupi ndi dalaivala amawerengera ndi kubweza chenji. Funsani mtengo kwa amene mwakhala naye pafupi galimoto isananyamuke, tchulani kuti ndalama yanu ndi ya anthu angati, ndipo ngati simunazolowere randi musakhale mpando wakutsogolo, chifukwa zikaperewera onse adzayang'ana inu.

Kulipira ndi khadi kumachotsa vuto la chenji kwa amene ali nalo, koma yang'anani nambala imene yalembedwa pa kamakina musanagunditse khadi kapena kulemba nambala yanu yachinsinsi, ndipo khadilo lisachoke pamaso panu.

Lamulo la dzikoli lili kumbali yanu kuposa mmene ambiri amaganizira. Consumer Protection Act, lamulo la mu 2008 limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limateteza wogula, ndipo pofotokoza kuti wogula ndani silitchula za unzika. Limanena kuti sitolo ionetse mitengo, isakulipiritseni zoposa mtengo umene yaonetsa, ndipo ngati katundu mmodzi ali ndi mitengo iwiri, mulipire wotsikawo, pokhapokha ngati mtengowo walembedwa molakwika moonekeratu. Limalamulanso kuti wogula apatsidwe lisiti. Mukaona kuti pa tilu patuluka mtengo wokwera kuposa wa pa shelefu, jambulani mtengo wa pa shelefuwo ndi foni musanapite kwa woyang'anira. Sitolo ikakana kukuthandizani, dandaulo mungapite nalo ku ofesi ya Consumer Goods and Services Ombud, imene imathandiza ogula kwaulere, ku National Consumer Commission, kapena ku ofesi yoona za ogula ya m'chigawo chimene mukukhala. Kumeneko adzafuna kudziwa ngati munayamba mwadandaula kusitoloko, choncho konzani lisiti, chithunzi cha mtengo, tsiku limene munapita, ndi yankho limene woyang'anira anakupatsani, ndipo ngati kulemba Chingerezi kumakuvutani, pemphani mnzanu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito kuti akuthandizeni kulemba dandaulolo.