Momwe mungachitire mafizo a mtsempha wakuchidendene ukamapweteka kwa miyezi

Ngati mukadzuka m'mawa mumayamba mwatsimphina, kumbuyo kwa chidendene kuli gwaa, koma mukayendayenda n'kumamvako bwino, vuto likhoza kukhala mumtsempha waukulu wolumikiza katumba ndi fupa la chidendene, umene madokotala amautchula kuti Achilles. Vutoli limagwira kwambiri osewera mpira wamiyendo ndi wamanja, othamanga, komanso achikulire amene angoyamba kumene masewera olimbitsa thupi. Ambiri amathowa, kupaka mankhwala ndi kupumitsa mwendo. Ululu umachepa ndithu, koma akangobwerera pabwalo umayambiranso, chifukwa mtsempha wongokhala umafooka. Umalimba ukamasenzetsedwa katundu pang'onopang'ono.

Yambani mwatsimikiza kuti sunaduke. Ngati munamva kuti phwa! ngati wina wakumenyani theche kumbuyo kwa mwendo, ndipo mukulephera kuima ndi zala, musachite mafizo aliwonse, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi ngati ululu wayamba mukumwa ciprofloxacin, pakuti mankhwalawa amatha kufooketsa mitsempha yotereyi.

Kenako gwirani pomwe pakupweteka. Kodi ndi pakati pa mtsempha, masentimita 2 mpaka 6 kuchokera pafupa, kapena ndi penipeni polumikizana ndi fupa? Yankho lake ndilo likuuzeni pochitira mafizo.

Ngati ndi pakati, njira yodziwika kwambiri ndi ya dokotala wa ku Sweden, Håkan Alfredson, yomwe anaifalitsa mu 1998 atayesera pa anthu 15 okonda kuthamanga. Patatha masabata 12, onsewo anayambiranso kuthamanga. Imani m'mphepete mwa sitepe ya pakhonde, zala zili pasitepe, zidendene zili m'malere, dzanja lili pachipupa. Kwerani m'mwamba mothandizidwa ndi mwendo wabwinowo. Muli m'mwambamo, nyamulani mwendo wabwino kuti thupi lonse litsamire pa wodwala, ndipo tsitsani chidendene mwapang'onopang'ono, mukuwerenga mpaka 3, kufikira chitapitirira m'mphepete mwa sitepe. Pondaninso ndi wabwino uja kuti mukwere. Ntchito yonse yagona pakutsikapo. Amene amangodzigwetsa mwachangu kuti amalize msanga akungotaya nthawi yawo.

Chitani ka 15, pumani, mubwereze mpaka maulendo atatu bondo lili chiwongokere. Ndiye maulendo ena atatu bondo mutalipinda pang'ono, kuti mnofu wamkati mwa katumba ugwire nawo ntchito. Alfredson ankati zimenezi zichitike m'mawa ndi madzulo tsiku lililonse, kutanthauza ka 180 patsiku. N'kwambiri, ndipo ine sindingalangize munthu kuyambira pamenepo. Sabata yoyamba kwerani ndi kutsika ndi miyendo yonse iwiri pansi posalala, muone momwe mtsempha ukuyankhira.

Ngati ululu uli pafupa penipeni, sitepe isiyeni. Chitirani pansi, chidendene chizingofika pasimenti osapitirira, chifukwa chikatsika kwambiri mtsempha umafinyika ndi fupa ndipo umakwiya. Nsapato yokwera pang'ono kumbuyo imakuthandizani kuposa patapata kapena kuyenda chopanda nsapato.

Tsono nkhani ya ululu, yomwe imabweza anthu ambiri panjira. Mafizowa amapweteka, ndipo kupweteka pang'ono si chizindikiro choti mukudzivulaza. Yezani ululu wanu kuyambira 0 mpaka 10. Ukakhala 5 kapena kucheperapo, pitirizani. Woweruza weniweni ndi m'mawa wotsatira: mukadzuka chidendene chili monga dzulo kapena chopepukirapo, muli panjira yabwino. Chikauma kuposa kale, chepetsani chiwerengero kwa masiku angapo, koma osasiyiratu.

Mukafika poti simukumvanso kanthu pochita, nthawi yowonjezera katundu yakwana. Berekani chikwama chakumsana, muikemo mabotolo a madzi olemera makilogalamu 5, ndipo muziwonjezera momwemo. Kwa amene ali pafupi ndi jimu, kafukufuku wa ku Denmark wa 2015 anapeza kuti kunyamula zolemera mwapang'onopang'ono katatu pasabata kumathandiza mofanana ndi njira ya Alfredson, ndipo anthu savutika kutsatira njira ya zolemerayi.

Kuyenda ndi kupalasa njinga musasiye ngati ululu sukudutsa muyeso uja. Kudumpha ndi kuthamanga kwa liwiro zibwere kumapeto, mukamatha kukwera ndi mwendo umodzi kambirimbiri osatsimphina mawa lake. Jakisoni wa steroid (mankhwala ochepetsa kutupa) wobaya mumtsempha momwemo muzimupewa, amathetsa ululu kwakanthawi koma angathe kuufooketsa.

Masabata 12 akatha popanda kusintha kulikonse, kapena ngati muli ndi matenda a shuga kapena nyamakazi, kaonaneni ndi a mafizo. Amapezeka kuzipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Popita, tengani kope momwe mwakhala mukulemba ululu wa m'mawa uliwonse ndi katundu amene munanyamula.