Khola logona si losweramo nkhuku

Chimanga chikangomera, m'midzi yambiri mafumu amalamula kuti nkhuku ndi mbuzi zisayendeyende. Lamuloli ndi labwino, palibe amene angakondwe kuona nkhuku za mnzake zikumufukulira mbewu. Koma zimene ndaona m'makomo chilowereni Disembala zandipweteka mtima. Anthu angogwira nkhuku zonse n'kuzitsekera m'kakhola komwe kaja zimagonamo usiku. Zikuswera momwemo, sabata ndi sabata.

Khola lam'mwamba lansungwi limene makolo athu ankamanga linali logona basi. Nkhuku zinkakwera dzuwa likamalowa, kukacha n'kutsika kukapalasa chiswe kudzala. Kuthinana kwa usiku sikunali ndi vuto chifukwa usana wonse zinali pabwalo. Tsono inu mukatseka chitseko n'kuikamo madzi ndi gaga, khola lija lasanduka chipinda chogona, chodyera ndi chimbudzi nthawi imodzi.

Choyamba kuoneka ndi kujomphana. Nkhuku zili ndi ufumu wake, yaikulu imathamangitsa yaing'ono, ndipo pabwalo yaing'onoyo imangothawa nkhani n'kutha. M'khola lothina ithawira kuti? Nthenga zakumsana zimatha, magazi akangooneka zonse zimaunjikana pabala lomwelo. Zofooka sizifika n'komwe pachodyera, zimangoonda chakudya chilipo. Mazira amachepa, ochepawo amaswekera m'zitosi, ndipo thadzi likalawa dzira kamodzi kulileketsa n'kovuta.

Chimene chimapha kwambiri ndi chinyontho. Nyengo ino zitosi siziuma. Mukasuzumira m'khola n'kumva fungo lolasa m'mphuno ndi loyabwa m'maso, dziwani kuti nkhuku zanu zikupuma mpweya umenewo usana ndi usiku, ndiye chiyambi cha chimfine ndi kutupa maso. Pansi ponyowa ndi pamene pamaswana tizilombo totsegula anapiye m'mimba mwamagazi. Utitiri ndi nsabwe ndiye osanena. Chitopa chikalowa m'khola lotere sichisiya yoti mudzaonere mbewu.

Sabata yatha ndinafika pakhomo pa mayi wina wakhama kwambiri. Anayamba ndi misoti 5 ya Mikolongwe ndi tambala mmodzi, m'khola la mita imodzi ndi theka mbali zonse. Zaswana mpaka kufika 23, khola likadali lomwelo. Ndinapeza ziwiri zafa, zina misana ili gwaa ngati zosoledwa kale. Iwo ankati pali wina wawachitira kaduka. Nditawauza kuti vuto ndi malo, anandiyankha kuti, "Alangizi, agogo anga ankasunga chonchi, nkhuku sizinkafa." Ndinawafunsa ngati agogowo ankazitsekera usana. Anakhala chete. Khola limenelo ndi la nkhuku 8 kapena 9, iwo anaikamo pafupifupi katatu.

Mawu akuti "kale tinkatero" andilemetsa m'makutu. Kale kuseri kwa nyumba kunali tchire, lero kuli munda wa mnansi. Komanso nkhuku ya Mikolongwe, imene dzina lake lenileni ndi Black Australorp, ndi yaikulu thupi kuposa yachikuda, singapanikizike pamalo omwe yachikuda inkakwana. Chondidabwitsa n'chakuti munthu amawerenga mabulangete alendo akamabwera, koma pomanga khola amayang'ana nsungwi zimene ali nazo, osati nkhuku zimene adzakhale nazo pakatha miyezi 6. Ndalama zimene akuti wapulumutsa pamitengo ndi waya zimakathera kumankhwala, ndipo mankhwala sachotsa kuthinana.

Tsono chitani izi. Malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi azikhala a nkhuku zazikulu 3 kapena 4, osapitirira. Nkhuku 10 zikufuna khola la mamita 2 kwa mita imodzi ndi theka. Kunja kwake mangani mpanda woti nkhuku iliyonse ipeze malo a mita imodzi mbali zonse, ndiye kuti mamita 5 kwa 2 pa nkhuku 10 zomwezo. Ngati waya wakudulirani, nsungwi kapena bango zikwanira, pamwamba muyale ukonde kapena nthambi kuopa kabawi. Mpandawo ukhale pokwera, posadikha madzi, mbali ina mufolere kuti pakhale pouma posambira fumbi. Mtengo wogonapo ukhale wa masentimita 25 pa nkhuku iliyonse, chisa chimodzi pa mathadzi 4 kapena 5. Pansi thirani utuchi kapena mankhusu a mpunga, zikanyowa chotsani mukathire kudimba. Mazenera musatseke ndi pulasitiki. Thadzi la anapiye likhale pa lokha. Katemera wa chitopa wodontheza m'diso uja musadumphitse, funsani alangizi a ziweto a kwanuko tsiku lake. Ngati malo okuzira mpanda mulibe, gulitsani atambala owonjezera sabata ino.