Momwe mungathetsere makoswe m'nyumba momwe muli ana ndi ziweto

Anthu ambiri akangomva kuteketa usiku, kukacha amathamangira kukagula poizoni. Ngati muli ndi mwana wokwawa, kapena galu ndi mphaka amene amayendayenda m'nyumbamo, ndikupempheni kuti muyambe mwadekha. Makoswe amatha popanda poizoni. Chofunika n'kusazengereza, chifukwa timakoswe ting'onoting'ono ta m'nyumbati timatenga bere masiku 19 mpaka 21 okha, ndipo ana ake pakatha milungu pafupifupi 6 nawonso ayamba kuswana.

Choyamba dziwani njira zawo. Khoswe saona bwino, choncho amayenda motsatira khoma, ndevu zake zikukhudza khomalo. Sunthani furiji, kabati ndi chitofu, yang'anani pansi pa sinki. Pamene mwapeza ndowe zakuda zing'onozing'ono zambiri, ndiye pa msewu wawo pamenepo, ndipo chisa sichikhala patali.

Kenako amaneni chakudya. Chilichonse chimene chili m'pepala kapena m'thumba chilowe m'ndowa yokhala ndi chivindikiro cholimba. Chimene ambiri amaiwala ndi mbale ya galu kapena ya mphaka: ikagona pansi ndi zotsala, mwawakonzera makoswe chakudya cha usiku, ndipo nyambo ya pa msampha wanu sangaiyang'anenso. Chiweto chikadya, tsukani mbaleyo. Pansi pa mpando umene mwana amadyera sesanipo musanagone.

Chachitatu, tsekani mabowo. Bowo limene pensulo ikulowa, la mamilimita 6 kapena 7, kakhoswe kamadutsapo. Onani polowera mapaipi, m'makona ndiponso kunsi kwa zitseko. Sanza, mapepala ndi pulasitiki amangozikukuta. Phatikanimo sitiliwulu, waya wotsukira mapoto uja, n'kumata simenti pamwamba kuti zala za mwana zisaukoke.

Tsopano nkhani ya poizoni, imene ndikufuna kuti muimvetse bwino. M'nyumba mwathu tinayesapo poizoni wa timibulu tobiriwira. Tinatiika pamwamba penipeni pa kabati, pamene mwana sangafike ngakhale atakwera pa mpando, galu ndiye osanena. Patapita masiku angapo, ndikusuntha dengu la zidole kuti ndikolope, ndinapeza timibulu tomwe tija taunjikidwa m'kansapato ka mwana, pamodzi ndi tizidutswa ta pepala. Kansapatoko kanali pansi, pamalo pomwe mwanayo amakhala tsiku lonse akusewera. Mwanayo anali asanagwire timibuluto, koma thupi langa lonse linachita tsembwe. Khoswe sadyera pomwepo zonse zimene wapeza. Zina amanyamula kukasunga kwina. Ndiye mawu akuti "ikani patali ndi ana" sagwira ntchito pa poizoni womwazika, chifukwa amene amasankha komwe akathere ndi khosweyo.

Pali vuto linanso. Poizoni wambiri wa makoswe, monga brodifacoum ndi bromadiolone, amalepheretsa magazi kuundana, ndipo sapha tsiku lomwelo. Khoswe amayenda ali wofooka kwa masiku angapo, zimene zimapangitsa kuti mphaka kapena galu amugwire mosavuta n'kumudya ndi poizoni yemwe. Chiweto chimene chadya mankhwalawa chimatha kuoneka bwinobwino masiku 3 mpaka 5, magazi akutayikira m'kati. Choncho mukakayikira kuti mwana wameza, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Ngati ndi chiweto, kwa dokotala wa ziweto. Musadikire zizindikiro, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Tengani paketi yake, chifukwa dzina la mankhwalawo ndi limene limauza dokotala chochita. Amene wadya poizoni wa mtundu umenewu amathandizidwa ndi vitamini K1, koma ulipo wina, monga bromethalin, umene ulibe mankhwala oufafaniza.

N'chifukwa chake ndimadana kwambiri ndi ogulitsa aja amene amamanga timchenga takuda m'tipulasitiki topanda dzina, n'kumati "uyu ndi wamphamvu, amapha pompopompo". Mtengo wake umakhala wotsika, inde, koma nthawi zambiri amakhala aldicarb, amene ena amamudziwa kuti Temik, mankhwala a tizilombo ta m'munda omwe sanapangidwire m'nyumba. Pang'ono pokha amapha galu, amaphanso mwana, ndipo amayamba kugwira pa mphindi zochepa: dovu, kusanza, kubanika. Musawalowetse m'nyumba ngakhale atakupatsani ulere.

Chimene chinatithandiza ife ndi misampha wamba ya sipuling'i, yofwamphuka ija. Gulani yambiri, 6 kapena kuposerapo, chifukwa umodzi sungathane ndi banja lonse. Ndi yotsika mtengo, koma iyeseni ndi kamtengo musanalipire. Ina ndi yolimba moti khoswe amadya nyambo yonse osafwamphuka, ina imathyoka tsiku loyamba. Nyambo ikhale chiponde, kochepa ngati kanjere, kopakidwa mothinitsa kuti avutike kunyambita. Mukaika chambiri amangodya m'mbali n'kumapita.

Msampha usakhale poyera, poti fungo la chiponde limakopanso galu, ndipo chala cha mwana chikhoza kuvulala kwambiri. Pezani bokosi lolimba, la matabwa kapena la pulasitiki yokhuthala, boolani kabowo ka masentimita pafupifupi 3 mbali ziwiri moyang'anizana, ikani msampha m'katimo, tsekani ndi kumanga ndi waya kapena kutsindira chinthu cholemera. Katoni galu amaing'amba. Bokosilo ligunde khoma, mabowo ake atsatire njira ija munaipeza poyamba, ndipo mbali ya nyambo iloze kukhoma. Kuseri kwa furiji ndi m'kabati yokhoma ndi malo abwino. Tcherani ana akagona, onjani m'mawa asanadzuke. Msampha ukakhala masiku atatu osakola, usunthireni pena.

Misampha ya ulimbo ine sindiifuna. Khoswe amavutika pamenepo maola ambiri, ndipo imamata kamphaka kapena dzanja la mwana. Zikachitika, mafuta ophikira amamatula pang'onopang'ono. Timakina tolumikiza kumagetsi timene amati timathamangitsa makoswe ndi phokoso, sungani ndalama zanu, makoswe amatizolowera. Mphaka naye musamudalire kwambiri, salowa kuseri kwa kabati kumene kuli chisa.

Poyeretsa musasese ndowe zouma, fumbi lake limatha kunyamula matenda, monga hantavirus. Tsegulani mawindo mphindi 30, tulutsani ana ndi ziweto, valani magolovesi. Sakanizani gawo limodzi la jiki ndi magawo 9 a madzi, nyowetsani ndowezo, dikirani mphindi 5, pukutani ndi pepala. Khoswe wakufa mumangeni m'mapulasitiki awiri n'kumutaya m'bini yovindikira, pamene galu sangafukule. Zidole ndi mbale zimene zinali pafupi zitsukidwe ndi sopo.

Pitirizani kutchera mpaka padutse sabata yathunthu osakola kanthu komanso osaona ndowe zatsopano. Zikapitirira mwezi, itanani odziwa ntchitoyi, muwauziretu kuti muli ndi ana ndi ziweto, ndipo ngati aika poizoni, akhale wachibuma womangiriridwa m'bokosi lokhoma, akupatseninso dzina lake lolembedwa.